A Chimwaza ndi Chimbudzi Chokana Kumeza

Loweruka lapitali tinakaika chiliza pamanda a Chimwaza, patatha chaka chathunthu chitisiyireni. Abusa anayankhula, akubanja anayankhula, anzawo a pamsika nawo anayankhula, onse kutamanda ukhondo wawo, kupemphera kwawo ndi dzanja lawo pa nyama ya nkhumba. Ine sanandipatse mpata, ndipo anachita bwino, chifukwa zimene ndikudziwa si zonena pamanda anthu atavala zoyera. Ndine pulambala. Anthu ndimawadziwira kuseri kwa nyumba, ndipo a Chimwaza ndinawadziwira komweko kuposa wina aliyense m'Kawale muno.

Amene munkakwera minibasi pa siteji ya kumsika kwathu zaka zimenezo mukuwakumbukira: bambo wamfupi, ataima kuseri kwa chiwaya chachikulu, foloko yaitali ili m'manja, tayi ili pakhosi. Inde, tayi. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, utsi uli tolotolo, koma iwo tayi osavula, nsonga yake atailowetsa m'thumba la shati kuti isalawe mafuta. Ankati munthu wogwira chakudya cha anthu ndi wa muofesi ngati wina aliyense, kungoti ofesi yake ilibe denga.

Pakamwa pawo panali poyera kuposa shatiyo. Kondakitala akawaitana kuti madala, ankamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kumutumikira pomaliza, nthuli yake itazizira. Liwu loti chimbudzi silinkatuluka m'kamwa mwawo. Akafuna kudzithandiza ankati akukaona nyengo kuseri. Akazi awo, a Nachisale, anandiuza kuti zaka zonse za ukwati wawo, ana mpaka kukula, sanawamvepo akulitchula liwulo ngakhale mwangozi.

Chipembedzo chawo chachiwiri chinali mafuta. Ankati munthu woonda ngakhale anene zoona, anthu amayamba afunsa kaye wina. Popereka moni ankakutsina pamkono kuti amve ngati kwanu mukudya. Ndiwo zowiritsa ankati n'chilango cha kundende. Tsiku lina mphunzitsi wina anapempha nthuli yopanda mafuta. A Chimwaza anamulozera mwaulemu kumene amayi amagulitsa bonongwe, ndipo awiriwo sanayankhulanenso mpaka mphunzitsiyo anasamutsidwa.

Ndiye mumvetse kudabwa kwa alendo m'zaka zomaliza, kuona bambo yemweyo ataika waya wootchera pambali pa chiwaya, akuchotsa mafuta pa nyama ndi mpeni asanakugulitse, botolo la makapusozi likusuzumira m'thumba limodzi ndi nsonga ya tayi. Ife a m'Kawale sitinkadabwa. Tinkadziwa mmawa umene zinatembenukira, ndipo ine ndinalipo, sipanala ili m'manja.

Zinayamba ndi mphatso. Mwana wawo Esinati atapeza ntchito ku fakitale ya fodya ku Kanengo, anaganiza zolemekeza makolo ake powaikira chimbudzi chamadzi. Ine ndi amene ndinachiika, choyera mbee, thanki yake yolira bwino. Moyo wawo wonse a Chimwaza anali a chimbudzi chokumba, ndipo chokumba chimasunga chinsinsi: chagwa chagwa, palibe amasuzumira. Chamadzi n'chakazitape. Chimakuonetsa kaye chisanameze.

Patangotha mlungu umodzi anandiitana.

“Amisiri, chinthu chanu chija sichikumeza.”

Ndinatsegula thanki, ndinagejemula, ndinaponyamo pepala, linapita bwinobwino. Ndinabwerera kwathu. Kachiwiri ndinasintha labala wa m'thanki, ngakhale analibe vuto, kungofuna mtendere. Kachitatu anandilandira ataima pakhonde manja ali kumbuyo, n'kundiuza kuti anthu anawatsina khutu kuti mapaipi anga ndimatola ku bwinja la nyumba zogumuka. Zinandipweteka. Munthu unganditukwane nkhope, koma osati mapaipi anga.

A Nachisale ndi amene anandikokera kuseri kwa khitchini, akuyang'ana pansi.

“Amisiri, musadzivute. Chimameza za aliyense m'nyumba muno. Chimakana za abambo okha. Amachita kuthira ndowa ziwiri, nthawi zina zitatu.”

Ndinawapempha kuti mawa lake andiitane ndowa isanathiridwe. Ntchito yathu ilibe manyazi, ndaona zambiri. Koma zotere ndinali ndisanazione. Zinali zotuwa, zambiri, zonata m'mbali ngati phala la dzulo, zikuyandama osafuna kumira, ndipo pamwamba pa madzi panali timadontho ta mafuta tonyezimira, monga timaonekera pa msuzi wa mang'ina. Za fungo sindinena, poti mwina mukuwerenga mukudya.

Ndinatuluka n'kuwapeza akundidikira.

“Bambo,” ndinatero, “ine ndimakonza mapaipi achitsulo ndi apulasitiki. Paipi yawonongekayi ili mwa inu.”

Sanandiyankhule milungu iwiri. Ndikadutsa pa siteji ankatembenuza nyama imene sinafune kutembenuzidwa.

Apa ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Pofika nthawi ya chimbudziyi n'kuti a Chimwaza atayamba kale kuonda kwa pafupifupi chaka. Lamba anabooledwa mabowo atsopano ndi msomali. Khosi linayamba kusambira m'kolala. Ankadandaula za ululu wa pamwamba pa mimba wolasa mpaka kumsana. Mankhwala ake iwo anawadziwa okha: kuwonjezera mafuta. Ankadzisankhira nthuli zoyera zokhazokha, tiyi wa buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri, mapeyala awiri masana. Akadya kwambiri ankaonda kwambiri, ndipo akaonda kwambiri ankadya kwambiri.

Mukumbukire kuti zimenezo zinali zaka zija kuonda kunali chigamulo. Mankhwala otalikitsa moyo anali atangoyamba kumveka, maliro anali tsiku ndi tsiku, ndipo pa mpopi uliwonse panali madokotala osaphunzira oyeza magazi ndi maso. Anawayeza a Chimwaza nawapeza ndi matenda a masiku ano. Kenako anafunafuna amene anawabweretsa, ndipo sanavutike. A Nachisale ankapita kumalire ku Mchinji kukaoda zitenje, nthawi zina n'kugona konko. Bambo wa tayi, wa kwaya ya amuna, akanawatenga kuti? Ndiye kuti ndi mayi woyendayendayo. Anthu anayamba kuwalambalala pa mpopi. Ndikunena mosabisa, ndimachita manyazi ndi Kawale wa chaka chimenecho, poti nanenso ndinamvako nkhaniyo n'kungogwedeza mutu.

Zimene ndinaona m'chimbudzi muja a Nachisale anakazinong'oneza kwa Mayi Jere, namwino wopuma ntchito wa kutsidya kwa msewu. Mayi Jere sanali munthu wonong'ona. Anafika pakhomo ndi ambulera, nati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma poti mwini mimba wakana, chitsekocho atsekula iwo. Anawakweza a Chimwaza minibasi ngati katundu mpaka kuchipatala.

Magazi anapezeka opanda kachilombo. Vuto linali kapamba, chiwalo chimene chimatulutsa timadzi tosungunula mafuta a m'chakudya kuti thupi liwalandire. Kapamba wa a Chimwaza anali atatopa. Adokotala atafunsa za mowa, bambo wa kwaya anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenako anavomera kuti ali mnyamata ku maesiteti a fodya, asanatembenuke mtima, kachasu ankamumwa ngati thobwa. Ndiye kuti mafuta onse amene ankadya ankangodutsa m'thupi ngati mlendo wosagona, n'kukatulukira kuseri, atatenganso zina zofunika m'thupi. Anawalamula kuchepetsa mafuta, kudya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, kumwa mavitamini, ndi kumeza makapusozi pa chakudya chilichonse kuti agwire ntchito imene kapamba wasiya.

Atabwerako anatiitana atatu, akazi awo, Mayi Jere ndi ine, natilumbiritsa. Pepala la magazi tikhoza kulionetsa aliyense. Koma za kuseri, za kuyandama, pakamwa tseke. Anati bola anthu awanene za matenda alionse kusiyana n'kuti Kawale yense azikambirana zimene a Chimwaza amasiya m'madzi. Tinavomera. Sitinadziwe kuti mtengo wa lumbirolo adzausenza ndani.

Manong'onong'o ali ndi miyendo. Anafika mpaka kumudzi kwawo ku Dedza, ndipo tsiku lina kunatsika mlongo wawo wamkulu, a Naphiri, mayi wamtali wa mawu a mkuwa, amene anawalera a Chimwaza makolo atamwalira. Anafika nthawi ya chakudya chamasana. Anapeza mchimwene wawo, mfumu ya chiwaya, mafupa okhaokha, akudya nsomba yowiritsa ndi mpiru wopanda ngakhale dontho la mafuta.

“Mayo ine! Alamu, matenda mwamupatsa, tsopano mukumumananso chakudya? Mukufuna afe msanga mutsale ndi nyumba?”

Anawaonetsa pepala la magazi. A Naphiri analitembenuza uku ndi uku n'kulibweza, nati ku tauni kuno pepala lililonse limapezeka, ngakhale lonena kuti bulu ndi mphunzitsi. Anafunsa chifukwa chimene munthu wodwala akumanidwira mafuta. A Nachisale anayang'ana amuna awo. Amuna awo anayang'ana nsomba. Mwamuna wa Chichewa auza bwanji mlongo wake, amene anamubereka kumsana, za maonekedwe a zimene amasiya kuseri? Anangoti adokotala anatero. A Naphiri anati adokotalawo ayenera kuti ndi achibale a alamu.

Milungu itatu a Nachisale anatukwanidwa m'nyumba yawo yomwe. A Naphiri anawalanda khitchini. Ankawapatsa mbale yawoyawo ndi kapu yawoyawo. Mayi wamkulu, wa zidzukulu, ankadyera pa mpando wa panja ngati wantchito, ndipo sanatsegule pakamwa chifukwa analumbira. Pomaliza a Naphiri anatumiza mawu kwa ankhoswe kuti abwere Loweruka: ukwati uthe, a Nachisale anyamule zitenje zawo abwerere kwawo, a Chimwaza apite ku Dedza akanenepe.

Lachisanu a Naphiri anaphika chakudya chotsanzikira tauni. Nkhumba ya mafuta okhaokha, futali wa nsinjiro zochita kuyandama, mapeyala pambali. A Nachisale anandiuza pambuyo pake kuti amuna awo anatulutsa botolo la makapusozi, analiyang'ana, n'kulibwezera m'thumba osatsegula. Anadya zonse. Anapempha zina. A Naphiri anaomba m'manja kuti taonani, munthuyu ankangofa ndi njala. A Nachisale anali pa mpando wawo wa panja akulira, poti ankadziwa ululu umene ukubwera, ndipo anaganiza kuti amuna awo asankha Dedza.

Loweruka mmawa, dzuwa litangotuluka, ndinamva kugogoda. Anali a Chimwaza okha, atavala tayi ya ku tchalitchi, nkhope ili yotuwa, dzanja lili pamimba.

“Amisiri, tengani sipanala. Sikuti pali chokonza. Ndikufuna muoneke ngati munthu wodziwa ntchito yake.”

Tinapeza ankhoswe awiri atafika kale, atakhala pa mipando pabwalo, zipewa zili pamaondo. Mayi Jere analipo ndi ambulera yawo. Chikwama cha a Nachisale chinali pakhonde, a Naphiri atawalongedzera. Nkhoswe wamkulu anatsokomola kuti ayambe mwambo, koma a Chimwaza anakweza dzanja, n'kupita kukaima pa chitseko cha chimbudzi.

“Achemwali, tabwerani. Lowani umu.”

“Ndikatani m'menemo? Ine ndadzithandiza kale ku chokumba.”

“Lowani mukaone chimbudzi changa.”

A Nachisale anagwira pakamwa. Liwu lija linali litatuluka, pamaso pa mlongo, pamaso pa ankhoswe, kuchokera pansi pa tayi.

“Achimwene, mwapenga? Malaulo anji amenewa? Ine mlongo wanu?”

“Manyazi anapha lambe, achemwali. Ine atsala pang'ono kundiphera ukwati. Lowani.”

Analowa, atatseka mphuno ndi nsonga ya chitenje. A Chimwaza anakodolanso ankhoswe, ndipo akuluakulu awiri aja anasuzumira mmodzimmodzi ngati anthu oona nkhope pa maliro.

“Amene mukuwaona pamwambapo ndi mafuta anu a dzulo,” anatero a Chimwaza. “Munandipatsa ndi chikondi, ndikudziwa. Koma thupi langa lawabweza ngati kalata yosatsegula. Amisiri, chimbudzichi chili ndi vuto?”

“Chilibe, bambo. Mapaipi ake ndi atsopano, ndinagula m'sitolo.” Ndinanena mokweza, poti nanenso ndinali ndi mlandu wanga woyeretsa.

“Gejemulani.”

Ndinagejemula. Madzi anazungulira, analira, anapita. Katundu anatsala. Tinadikira thanki idzaze, anthu asanu ndi awiri titaima chete kumvetsera madzi. Ndinagejemulanso. Anatsalabe, akuzungulira modekha. Nkhoswe wamng'ono anavula magalasi n'kuwapukuta.

Mayi Jere anafotokoza za kapamba mwachidule, akuloza ndi ambulera pa mimba ya mwini wake. Kenako a Chimwaza anatembenukira ankhoswe.

“Mayi awa akhala akutukwanidwa milungu itatu, akudyera panja ngati galu, chifukwa ine ndinawalumbiritsa kuti asaulule zimene mwaonazi. Nsomba yowiritsa ija si nkhanza, ndi imene ikundisunga. Matendawa ndinawagula ndekha ndi kachasu iwo ndisanawadziwe n'komwe. Ndipo ndikufunseni, achemwali: kukanakhala kuti n'kachilombo, mukanawathamangitsa kuti andisamale ndani? Ngati pali wochoka pakhomo pano, ndi ine wamanyazine. Chikwama icho chibwerere m'nyumba.”

Palibe anasuntha, ndiye anachinyamula okha. Chinali cholemera kuposa mphamvu zawo, moti chinawakoka mpaka anatsala pang'ono kugwa pa sitepe. A Nachisale anathamanga kudzagwira mbali inayo, nalowa nacho awiri.

A Naphiri anakhala pa mpando wa panja uja nthawi yaitali. Alamu awo atatulukanso, anati motsitsa:

“Alamu, ndiye nsomba yakeyo mumaiwiritsa bwanji kuti munthu aimeze? Tandionetsani.” Kenako anawonjezera, “Koma wina athire madzi m'menemo, abale. Tifa.”

Nkhoswe wamkulu, potsanzika, anati wakhala akukonza maukwati kuyambira ali ndi tsitsi, koma umboni wotere sanauonepo ndipo sakufuna kudzauonanso. A Nachisale anawapatsa ankhoswewo tiyi ndi buledi wa majarini. Onse awiri anakana.

Pofika masana Kawale yense anali atamva, ndipo chimene a Chimwaza ankaopa chinachitikadi: anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Makondakitala ankafuula podutsa kuti, “Zamira lero, a Chimwaza?” Iwo ankakonza tayi n'kuyankha kuti zamira, zikomo pofunsa. Pa mpopi amayi anayambanso kuwasungira malo a Nachisale, ena mpaka kuwasenzetsa ndowa, opanda ndi mmodzi yemwe wopepesa. Thupi linabwerera pang'ono, osati lonse, koma lokwanira kudzaza kolala.

Chimene sitinayembekezere n'chakuti munthu akathyola manyazi kamodzi sabwereranso. A Chimwaza anasanduka mlaliki wa za kuseri. Kasitomala woonda akafika, ankamutsina pamkono monga kale, koma m'malo momuwonjezera mafuta ankamukokera pambali n'kumufunsa ngati zikumira. Kaya zikumira kaya ayi, ankamuuza kuti apite akayezetse, poti maso a pa mpopi sayeza magazi. Ena mwa amene anawakankhira kuchipatala anakapezekadi ndi kachilombo, anayamba mankhwala, ndipo awiri a iwo ndinawaona Loweruka akuthandiza kunyamula simenti ya chiliza. Nyama ya pa chiwaya sanailawenso. Ankangoinunkhiza atatsinzina, n'kunena kuti mphuno ilibe kapamba.

Anatha zaka zingapo choncho. Kenako kapamba yemweyo anabweretsa matenda a shuga, monga adokotala anachenjezera, ndipo ndi amene anawatenga, mwakachetechete, Lachiwiri lina masana. Pa maliro adzukulu ena a kumudzi anayamba kuyeza mipando ndi firiji ndi maso. A Naphiri anakoka mpando n'kukhala pakhomo penipeni, nati amene akufuna kutulutsa ngakhale supuni m'nyumba ya alamu awo ayambe wanyamula iwo. Palibe supuni inatuluka.

Pa siteji malo awo palibe wawatenga. Chiwaya chili kunyumba, chovundikira kukhoma. Pamene chinkakhala patsala bwalo lakuda, dothi lomwa mafuta a zaka zambiri, pomwe ngakhale udzu umakana kumera. Mvula ikagwa madzi amaima pamenepo, pamwamba pake pakuyandama timafuta ta mitundumitundu, ndipo ine ndikadutsa ndimafulumira, poti ndimayamba kuseka ndekha.

Mwezi watha a Nachisale anandiitana. Labala wa m'thanki anali atathadi, koyamba chiikireni. Nditamaliza ndinaona ndowa ya buluu, ija a Chimwaza ankathirira madzi, kuseri kwa chitseko, youma, kangaude atamangamo. Ndinati ndiitulutse kuti papite mpweya.

“Isiyeni pompo, amisiri,” anatero ali pakhonde, akupinda zitenje za ku Mchinji.

Ndinaisiya. Ndowa ili pompo, ndipo a Nachisale ali m'nyumba mwawo.